Timakadi Tomwe Ndinatsitsa pa Chingwe

Amayi, ndiyambe mmene munkandiyambitsira makalata aja: kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo. Kuzizira kwayamba, masamba a mitengo afiira ndipo akuyoyoka, ndiye bondo langa lamanzere lija layambanso kudandaula ndikamakwera basi. Ndimalikulunga ndi kansalu kanu kobiriwira, kamene ndinatenga m'sutikesi mwanu tsiku lija ndinafika kumudzi mutaikidwa kale. Papita zaka zitatu, koma Lamulungu lililonse m'mawa dzanja limapitabe lokha pa foni, nthawi imene kwathuko kumakhala masana inu mutabwerako ku tchalitchi.

Za kumudzi mwina mukuzidziwa kuposa ine, popeza inu muli pafupi, komabe ndikuuzeni. Achimwene a Lakisoni akumba mbatata ya kachewere yambiri kudimba la kumunsi lija, koma chimanga sichinachite bwino chifukwa mvula inadula pakati. Mtengo wanu wa mapichesi wa kuseri kwa khitchini unathyoka nthambi ndi mphepo. Achimwene ankafuna kuugwetsa wonse, ine ndinawaimbira katatu mpaka anausiya. Mphatso, mwana wawo wachiwiri uja munkati ndi waliuma, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu, Edina. Ndinamuona pa foni akuyasamula. Makutu ndi anu enieni.

Kuno Tadala wanga ali bwino ku tauni ya Markham ndi mwamuna wake, ndipo mwana wawo wayamba kuyenda mogwirira mipando. Ndikamulankhula Chichewa, Tadala amayankha Chizungu, kenako amachita manyazi n'kuwonjezera "eya, amayi" kumapeto. Pakakhonde ka nyumba yanga ya m'mwamba ndinadzala bonongwe ndi nkhwani m'zidebe zinayi. Bonongwe ndadya mpaka kugawira anzanga a ku tchalitchi, koma maungu anafukulidwa ndi agologolo. Agologolo a kuno ndi akuda, onenepa, ndipo ukawathamangitsa amangokuyang'ana.

Koma chimene chandikhazika pansi lero si mbatata kapena agologolo. Ndinalakwa, Amayi, kulakwa kwa mtundu uja munandichenjeza ndili mwana, ndipo ndakhala ndikufuna munthu woti ndimuuze kuchokera pachiyambi osandidula mawu.

Mukukumbukira kuti nthawi imene munkadwala ndinali nditangoyamba kusamalira gogo wina wachizungu mumzinda wa Toronto. Munkandifunsa kuti, "Nanga gogo wako uja wadya?" Ndi omwewo, Mayi Ilona. Adakali moyo, zaka zapitirira makumi asanu ndi anayi. Ndimanyamuka ku Mississauga, kumene ndimakhala, m'mawa pa basi, n'kukwera sitima yoyenda pansi pa nthaka, n'kumaliza ndi miyendo. Ndimawasambitsa, kuwapesa, kuwaphikira ndi kuwapatsa mankhwala. Chimene sindinakufotokozereni bwino nthawi ija, chifukwa inenso ndinali ndisanachimvetse, n'chakuti ntchito yawo moyo wonse inali yolemba mabuku. Osati a sukulu kapena a tchalitchi ayi. Mabuku a nkhani zazitali zopeka m'mutu, za anthu amene sanakhaleko koma ukamamva umawadera nkhawa ngati abale ako.

Anabadwira ku Ulaya, m'dziko limene nkhondo yachiwiri ija inadutsamo popita ndi pobwerera pomwe. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anasiyana ndi mayi awo pa siteshoni. Mayiwo anawakweza sitima pamodzi ndi azakhali awo, n'kunena kuti iwo abwera pa sitima yotsatira. Sanabwere, ndipo mpaka lero palibe amene akudziwa pamene anagona. Nkhondo itatha, Mayi Ilona anakhala mumsasa wa anthu othawa kwawo, kenako anawoloka nyanja kubwera kuno ali namwali, Chizungu osadziwa ngakhale cha moni. Anapeza ntchito m'fakitale yosoka malaya aamuna pakati pa mzinda. Iwo anali opinda malaya n'kuikamo katoni m'kati kuti asakwinyike. Zidutswa za katoni zinkatayidwa, ndiye iwo ankatola n'kulembapo mawu a Chizungu amene amva tsikulo. Mawuwo anayamba kulumikizana, mpaka inatuluka nkhani ya atsikana a m'fakitale amene aliyense anasiya munthu wake kuseri kwa nyanja. Buku lawo loyamba linalembedwa choncho, nthawi yopuma masana, atakhala pa masitepe a kuseri kwa fakitale.

Amati osindikiza mabuku analikana kangapo. Ena ankati Chizungu chake n'chopindika, ena ankati anthu atopa ndi za nkhondo, akufuna zoseketsa. Bambo wina anavomera, koma anafuna kuwongola mawu onse kuti amveke ngati a munthu wobadwira kuno. Mayi Ilona anapita ku ofesi yake ndi zovala za ku ntchito, ulusi uli m'mutu, n'kutenga mapepala awo patebulo osatsanzika. Patapita chaka bambo yemweyo anawaitananso n'kulisindikiza mmene linalili. Onse pamodzi analemba mabuku asanu ndi anayi. Lachitatu ndi limene linawatchukitsa. Ankaitanidwa ku wailesi ndi ku sukulu zaukachenjede, ndipo anasiya za fakitale. Kwawo kumene anabadwira boma la nthawi imeneyo linaliletsa bukulo, moti akuti anthu ankalivala chikuto cha buku la maphikidwe kuti aliwerenge pa sitima. Anakwatiwa mochedwa, anabereka mwana mmodzi dzina lake Tomasi, ukwati unatha. Tomasi tsopano ndi bambo wa imvi. Amati anakula akumva kulira kwa makina otayipira kuseri kwa chitseko chotseka, ndipo akamanena zimenezi saseka. Pambuyo pake kunabwera olemba atsopano, anthu anayamba kuwaiwala. Za buku lomaliza kutuluka amanena okha, akudya phala, kuti onse amene analiwerenga akhoza kukwana m'basi imodzi, ena n'kupeza pogoneka miyendo.

Ine mabuku awo sindinawerenge. Ndinayesa limodzi, koma Sitandade 8 yanga inandifikitsa pa tsamba lachinayi mutu ukuwawa. Ndimangowapukuta fumbi n'kuwaimika motsatira msinkhu.

Tsopano mumve za chingwe. Mayi Ilona sanasiye kulemba pa makatoni a malaya. Mpaka lero Tomasi akagula malaya amawabweretsera katoni yake, iwo n'kuidula ndi sizasi osayeza, timakadi tina tatikulu, tina tating'ono. Pa kakadi kalikonse amalembapo kachigawo kamodzi ka nkhani, akatha n'kukapanira pa chingwe ndi pegi, monga timayanikira zovala. M'chipinda chawo cholembera munali zingwe zinayi zochokera pa windo kukafika pa shelefu, zodzaza ndi timakadi ta buku lakhumi, limene akhala akulemba zaka zonse zimene ndawadziwa. Ndi buku la mayi awo aja a pa siteshoni. Manambala salembapo. Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake, iwo anati, "Nambala ndi msomali, Enelesi. Ukakhoma, chinthu sichisunthanso." Choncho chimene chikuyamba ndi chimene chikutsatira chinali pa chingwe pokhapo, kwina kulikonse ayi. Maso awo afooka, ndipo mutu umataya zinthu za dzulo. Ndiye m'mawa uliwonse akatha kudya ankayenda ndi choyendera chawo cha mawilo kutsata zingwezo, akuwerenga mokweza kakadi ndi kakadi ndi galasi lokulitsa zilembo, ine nditawagwira pachigongono. Akafika kumapeto ankadziwa pamene alekezera, n'kukhala pansi kulemba kena kamodzi.

Mwezi wa Ogasiti anawagoneka kuchipatala masiku atatu chifukwa cha mtima. Tomasi anandiuza kuti ndipume kunyumba, koma inu mukundidziwa. Kiyi ndinali naye. Ndinati gogo akabwere m'nyumba yowala. Ndinachapa makatani, ndinakwecha m'bafa, kenako ndinaima pakhomo la chipinda chija. Zingwe zinali zitalendewera ndi kulemera, china chinkafika pakhosi pa munthu. Fumbi la pa timakadi linali loti ungalembepo dzina ndi chala. Ndinayamba kuganiza. Nanga akabwera ali ofooka n'kukodwa? Nanga fumbi limeneli likawalowa m'chifuwa? Namwino amene amabwera kudzawayeza anali atanenapo kale kuti poyenda pasamakhale zopinga. Ndinati ndingotsitsa, ndipukute, ndimange zingwe zolimba m'mwamba, ndibwezeretse chilichonse pamalo pake.

Chingwe choyamba ndinatsitsa bwinobwino motsatana. Koma nditaunjika patebulo, tatikulu tinkakhala pamwamba pa tating'ono, mulu n'kumagwa. Manja anga anachita zimene amachita. Nditatsitsa zingwe zinazo, ndinasanja tatikulu patokha, tapakati patokha, tating'ono patokha, m'mbali mofanana ngati mabisiketi a m'paketi. Ndinamanga ndi malabala n'kuika m'mabokosi awiri a nsapato. Zingwe zatsopano ndinati ndigula mawa. Ndinaima pakhomo kuyang'ana chipinda choyera, mtima uli myaa. Ndili m'basi yobwerera, pa maloboti a pafupi ndi kwathu, m'pamene ndinakumbukira kuti timakadi tija tilibe manambala.

M'mawa mwake ndinathamanga kuti ndikayese kubwezeretsa, koma ndinapeza galimoto ya Tomasi ili kale pakhomo. Anali atawatulutsa msanga. Mayi Ilona sanafune ngakhale kuvula jekete, analunjika kuchipinda chawo. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Tomasi anaona mabokosi aja pa shelefu n'kutsegula limodzi. Iwo anayang'ana m'bokosimo, anayang'ana manja awo, kenako anafunsa ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo, "Ndinatsitsa ndine?"

Tomasi anandikokera kukhitchini n'kunena motsitsa, "Waona, Enelesi? Anachita okha asanapite kuchipatala, ndipo sakukumbukira n'komwe. Moyo wanga wonse sanalole munthu kukhudza zingwe zimenezi. Nthawi yakwana." Makatani ochapa aja sanawaone. Nthawi imene ankanenayo ndi yowapititsa ku nyumba yosungirako okalamba, kumene anali atalembetsa kale dzina lawo iwo akukana. Kumeneko munthu amapatsidwa kachipinda kamodzi, bedi ndi mpando. Zingwe salola. Anati dokotala adzawayeza mutu pakatha masabata awiri, ndipo iye adzamuuza za mabokosiwa.

Ndinakhala chete, Amayi. Ndilembe bwino kuti mumve: ndinatsegula pakamwa, ndinatsekanso, n'kuyatsa ketulo.

Mukudziwa kuti ine kuno ndilibe pepala la sukulu loti ndionetse munthu. Ndinabwera ndi banja lija ndinkaligwirira ntchito ku Lilongwe, ndipo kuchokera pamenepo ntchito iliyonse ndaipeza chifukwa wina anauza mnzake kuti Enelesi ndi wosamala, sataya kanthu, saswa kanthu. Dzina limenelo ndi lokhalo ndili nalo. Amayi awiri a ku tchalitchi kwathu analowa ntchito m'nyumba za anzake a Tomasi chifukwa ine ndinawanenera. Ndinkaona zonsezi zikugwa tsiku limodzi. Ndinkadziuza kuti mwina dokotala aona yekha kuti mutu wawo uli bwino. Ndinkadziuza kuti mwina ku nyumba ya okalambako akakhala bwino, kuli anamwino usana wonse. Ndinadziuza zambiri m'basi muja.

Masiku anakwana asanu ndi anayi. Mayi Ilona anasiya kupempha cholembera. Ankakhala pa windo la pabalaza, phala n'kumazizira m'mbale. Chipinda chija sanalowenso. Tsiku lina ndikuwamanga mabatani anandigwira dzanja n'kunena, "Enelesi, kodi pali chinanso chimene ndachita osakumbukira? Undiuze, usandibisire. Iwe ndi amene sundinamiza." Ine ndinati, "Palibe, agogo." Ndinapita kubafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve ndikulira.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndikuwapesa, inu munabwera. Sindikunena za maloto ayi, kunali kowala ndithu, chipeso chili m'manja. Ndinangokumbukira tsiku lija ndili Sitandade 5, mutandikhazika pamkeka kuseri kwa nyumba kuti ndilembe kalata kwa abambo ku Halale, atatha zaka ziwiri osabwera. Munati ndilembe kuti, "Ngati mwapeza wina kumeneko mungonena, ndisiye kusesa mbali yanu ya chipinda." Ine ndinaona kuti mawuwo ndi aukali, angawakwiyitse. Ndinalemba kuti, "Tikukusowani kwambiri, Mulungu akusungeni." Mutanena kuti, "Werenganso ndimve ngati ndi mawu anga," ndinayang'ana papepala koma ndinanena anu aja pamtima, osaphonya ngakhale amodzi. Munandiyamikira kuti ndili ndi mutu. Patapita miyezi iwiri yankho linabwera, abambo akuthokoza chifukwa cha mawu okoma akuti tikuwasowa. Ndinawerenga mokweza ndisanazindikire. Simunandimenye. Munangoti, "Ene, manja akowa amakonza ndi zosawonongeka zomwe. Kukonzako ndingakukhululukire. Koma wandisiya miyezi iwiri ndikudikira yankho la funso limene silinapite."

Ndinayang'ana mutu wa imvi umene ndinkapesawo. Ndinali nditausiya masiku asanu ndi anayi ukudziyesa wowonongeka.

Loweruka masana Tomasi anabwera ndi mapepala a ku nyumba ya okalamba ija kuti mayi ake awaone. Ndinawapatsa tiyi onse awiri, ndinaika thireyi pansi, kenako ndinagwada, ndi bondo lowawa lomweli. Kuno anthu sagwadirana, moti Tomasi anadzambatuka pampando poganiza kuti ndagwa. Ndinamuuza kuti akhale pansi. Ndinanena zonse: za kiyi, za fumbi, za malabala, za mabokosi. Ndinati agogo sanakhudze kanthu, ndinatsitsa ndine, ndipo tsiku lija kukhitchini ndinadziwa koma ndinakhala chete.

Nkhope ya Tomasi inafiira mpaka m'makutu. "Masiku onsewa, Enelesi? Ukundiona ndikuimba mafoni, ukuwaona mayi sakudya?" Anati ndimupatse kiyi. Ndinamasula pa kachingwe ka m'khosi n'kuika patebulo pafupi ndi shuga.

Kenako mapewa a Mayi Ilona anayamba kugwedezeka, ine n'kuyesa akulira. Ankaseka, Amayi, mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti si ine. Tomasi, wamva? Wamisala m'nyumba muno si ine, ndi uyu wosanja buku langa ngati masokosi." Anapukuta misozi. Anandiuza kuti ndidzuke pansi ndisanawapatse ntchito yondinyamula. Koma kuseka kuja kunatha msanga. Anayang'ana kuchitseko cha chipinda chija n'kunena, "Komabe buku lapita. Ndikudziwa zonse zili mmenemo, koma chimene chimatsatira chinzake sindingachipezenso. Nthawi yoyambiranso ndilibe."

Ndinati, "Agogo, ine ndikukumbukira."

Onse awiri anandiyang'ana. Ndinayamba kunena, ndi Chizungu changa chomwechi. Choyamba ndi mayi akudula buledi ndi ulusi chifukwa mpeni anasinthanitsa ndi mchere. Chikatha chimenecho ndi nsapato za abambo zimene mtsikana anavala ataikamo nyuzipepala. Kenako mphunzitsi wa piyano amene anasiya kupereka moni pamsewu. Zaka zitatu ndi theka ndakhala ndikumva zimenezi m'mawa uliwonse, nditagwira chigongono, ndikuganiza kuti ndikungoyang'anira kuti asagwe. Sindinkadziwa kuti zikukhala m'mutu ngati nyimbo za Mvano zija munkaloweza inu osaona buku.

Tomasi sanakhulupirire. Anakatenga bokosi limodzi, anasolola kakadi pakati, anawerenga mzere woyamba. Ndinamuuza kamene kali kumbuyo kwake ndi kamene kali kutsogolo, ndiponso kuti kanali pa chingwe chachiwiri pafupi ndi nyale. Anasolola kena. Ndinamuuza. Kachitatu anasankha kakang'ono dala, ndinamuuzanso, mayi ake akuvomera ndi mutu. Anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga kakadiko mpaka kumapeto mwakachetechete. Ndikuganiza kuti kanali koyamba kuti awerenge kanthu ka buku limeneli. Atatha anakankha kiyi ndi chala chimodzi kubwera mbali yanga, osandiyang'ana. "Sindinakukhululukire," anatero. "Koma Lolemba ubwere."

Tinatha masabata atatu tikupachika. Zingwe zatsopano anamanga ndi Tomasi mwini, m'mbali mwa khoma pamene munthu sangakodwe. Anandiuza kuti chiyambire ali mwana anali asanakhalepo m'chipinda chimenecho nthawi yopitirira mphindi imodzi. Ine ndinkatenga kakadi n'kuwerenga mawu oyamba pang'onopang'ono, pakuti zilembo za Mayi Ilona ndi zopendekeka ngati udzu wa pamphepo, ndikangozindikira kuti ndi kati ndinkapita nako pamalo pake. Tinkakangana. Kawiri konse Mayi Ilona anandiuza kuti ndalakwitsa, ine n'kukana, iwo n'kuganiza kaye n'kunena kuti, "Walondola, kanali pamenepo. Koma ndasintha maganizo, kasunthe." Ndinkasuntha, ngakhale sindinkafuna. Phala anayambanso kumaliza.

Pamapeto panatsala kakadi kamodzi m'bokosi. Kanali kakang'ono kuposa tonse, kachikasu ndi ukalamba, m'mbali mofewa ngati nsalu, ndipo mawu ake sanali a Chizungu. Ndinkakumbukira kuti kankakhala kokha kumapeto kwenikweni pafupi ndi windo, koma sindinamvepo akukawerenga. Ndinati, "Agogo, aka sindikukadziwa. Ndikaike pati?"

Anakatenga, sanafune galasi. Anati analemba ali kufakitale kuja, m'chilankhulo cha kwawo, ndipo ndi mawu omaliza amene mayi awo ananena sitima isananyamuke. Ndinkayembekeza mawu aakulu. Anandimasulira: "Vala chipewa, m'sitimamo mukuzizira." Basi. Anati, "Ndayesa kukaika m'mabuku onse asanu ndi anayi. Nthawi zonse ndimakachotsa buku lisanapite kosindikiza. Ndikakaika, ndiye kuti sitima yanyamuka." Anandipatsa kuti ndikapachike pamalo pake pakale, pa windo, patali pang'ono ndi tinzake.

Ndinapachika, koma pegi inkandivuta kutsegula. Anandifunsa chimene chandigwira. Ndinawauza za inu, Amayi. Ndinawauza kuti Lamulungu lomaliza lija tinkakamba za mbewu ya nyemba imene munkafuna kusunga, ndiye munati, "Ene, batire likutha, tidzapitiriza Lamulungu." Lachinayi achimwene anaimba foni kuti mwatisiya.

Mayi Ilona sanandipepese monga amachitira anthu. Anakoka katoni ya malaya pashelefu, anatenga sizasi n'kuyamba kudula. "Ndiye ukudikira chiyani? Pitiriza."

Ndinati, "Amayi anga sankadziwa kuwerenga, agogo."

Iwo anati, "Anga anamwalira asanamvepo liwu limodzi la chilankhulo chimene ndikuwalembera. Tenga. Ndipo usadule m'mbali kuti tifanane, ndikukuona."

Ndiye lero ndi Lamulungu, Amayi, ndabwerako ku tchalitchi, ndipo kalatayi ndikulemba pa timakadi timeneto, kutsogolo ndi kumbuyo. M'mbali sindinadule. Koma manambala ndalemba pakona, tizilembo tating'ono, zimenezo sindikanatha kupirira.

Dokotala anawayeza Mayi Ilona. Anati mutu wawo ndi wa munthu wa zaka zawo, angathe kukhala pakhomo pawo bola pali wowayang'anira. Tomasi mapepala aja sanang'ambe, anaika m'dirowa ya pabalaza, ndipo ndimawaona ndikamatenga nsalu ya patebulo. Amandipatsa moni koma sitinabwerere mwakale, ndipo sindikumudandaula. Amayi awiri a ku tchalitchi aja ndinawauza ndekha asanamve kwina. Mmodzi anandiseka, mmodzi sanandiyankhe uthenga mpaka lero. Mayi Ilona akuti kwatsala timakadi tochepa kuti buku lithe. Masiku ano akamawerenga m'mawa amaima pakati dala n'kundiyang'ana, ine n'kumalizitsa mzerewo, iwo n'kunena kuti ndikuwononga Chizungu chawo chimene anachivutikira. Kakadi ka chipewa kaja kadakali pa windo. Sabata yatha ndinaona kuti kasendera pafupi ndi tinzake ndi mpata wa zala ziwiri. Sindinasunthe ndine, ndipo sindinafunse.

Za nyemba zija tinalekezera: achimwene anaipeza mbewu yanu m'chitini pamwamba pa kabati, anadzala, ndipo chaka chino ndi chachitatu ikubereka. Akuti ndi yokhayo imene sinafote mvula itadula.

Ndakusowani, Amayi. Ndimasowa kufunsidwa ngati ndadya. Ndimasowa munthu wondiuza kuti ndikhale pansi, m'nyumba mwayera kale. Mvula ikatha chaka chamawa ndibwera, ndipo ndikumunyengerera Tadala kuti tibwere ndi mwana, adzaone mtengo wa mapichesi ndi Edina wamng'ono. Timakaditi ndidzatenga. Ndidzakhala pansi pafupi ndi pamene mwagona, ndidzakuwerengerani mokweza kuyambira koyamba mpaka komaliza, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzawerenga zimene zili papepala, osakonza ngakhale liwu limodzi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Ene